Akuti ndipite naye ku assessment, kodi akufuna kumuchotsa sukulu?

Gulu la makolo ndi aphunzitsi, Chipata ndi maboma ozungulira

Lachiwiri madzulo

Amake Madalitso: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndabwera ndi nkhani yaitali, koma mtima suli m'malo. Mwana wanga wamwamuna ali giredi 6, ali ndi zaka 13. Anabwerezapo giredi 3, anabwerezanso giredi 5. Lero aphunzitsi ake anandiitana n'kundiuza kuti mwanayu ndi slow learner, wochedwa kugwira maphunziro, ndipite naye ku assessment asanalowe giredi 7. Ine ndinangoti inde chifukwa cha manyazi, koma sindinamve kuti assessment n'chiyani. Kodi ndi mayeso oti akalephera amuchotse sukulu? Pakhomo mwanayu ndi wochenjera. Njinga ya atate ake amakonza yekha, ndikamutuma ku msika wa Kapata chenji chimabwera chokwanira. Koma m'kalasi akuti amangokhala duu, ngati palibe munthu.

Agogo aJere: Pepani amayi. Musalire, pano pali aphunzitsi ambiri, akuyankhani.

Madamu Zulu: Amake Madalitso, khazikani mtima pansi. Palibe amene akumuchotsa. Ine ndimaphunzitsa ku special unit, kalasi la ana aulumali, maphunziro ake ndinachitira ku ZAMISE, koleji ya aphunzitsi a ana aulumali ku Lusaka, ndipo funso lanuli ndalimva kwa makolo ambiri. Pali zinthu ziwiri zimene anthufe timasokoneza chifukwa zonse timati kuyesa. Pali mayeso, aja a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso a boma, amene mwana amakhoza kapena kulephera. Ndiye pali kupima mwana, kumene aphunzitsi aja anatchula kuti assessment. Kumeneko kulibe kukhoza, kulibe kulephera. Timafuna kudziwa kuti mwanayu amaona bwanji, amamva bwanji, dzanja lake limagwira bwanji pensulo, amakumbukira bwanji, ndipo chimene chikumutsekereza m'kalasi n'chiyani. Ndi monga sikelo ya ana ku kiliniki. Mwana salephera sikelo.

Madamu Zulu: Chimene sindinakonde n'chakuti dzina loti slow learner lamugwera mwana asanapimidwe. Dzina limabwera pambuyo, ngati n'koyenera kuti libwere.

Anesi aNyirenda: Amayi, ndiloleni ndikufunseni zingapo, muyankhe momasuka. Ali wamng'ono anadwalapo makutu otuluka mafinya? Anadwalapo malungo aakulu aja okomoka nawo, kapena chikuku, kapena matenda oumitsa khosi? Mukamuitana ali chokufulatirani amatembenuka? Wailesi amaikweza kwambiri?

Amake Madalitso: Anesi mwandiopsa. Mafinya anatuluka kwambiri ali ndi zaka zinayi mpaka zisanu, khutu lakumanzere makamaka. Ankasiya, n'kuyambanso nthawi ya dzinja. Tinkangopukuta ndi kansalu. Tinapita kamodzi ku kiliniki, anatipatsa mankhwala odontheza, atauma tinaiwala. Kumuitana ali kutali kapena chofulatira, sayankha. Atate ake amamukalipira kuti ndi wamwano, anamukwapulapo kangapo chifukwa cha zomwezo. Ukamalankhula naye amakuyang'anitsitsa pakamwa, mpaka alendo amadabwa.

Anesi aNyirenda: Sindingamupime pa foni, koma zimene mwafotokozazi n'zokwanira kuti makutu ake aonedwe msanga. Mafinya obwerezabwereza amatha kuboola kachikopa ka m'kati mwa khutu, ndipo mwana amatsala akumva, koma pang'ono. Awa ndi ana amene timawaphonya kwambiri. Wosamveratu aliyense amamuzindikira akadali wamng'ono chifukwa salankhula. Koma womva pang'ono amalankhula, amaseka, amasewera mpira, ndiye palibe amene amaganizira makutu. Pakhomo mumalankhula naye pafupi, maso ndi maso, ndiye amamva. M'kalasi mphunzitsi akulankhula atayang'ana bolodi, anzake akusokosera, mvula ikugunda malata, iye wakhala kumbuyo chifukwa ndi wamtali. Mawu akumufika odukaduka. Phokoso lina monga s ndi f ndi lofooka kwambiri, moti sula ndi fula kwa iye akhoza kukhala mawu amodzi. Tangoganizani zaka zisanu ndi zitatu za sukulu zotero.

Amake Madalitso: Amakhaladi kumbuyo. Mayo ine. Ndiye tinkamumenyera pachabe mwana.

Agogo aJere: Simunadziwe amayi. Akuluakulu anati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Ifenso kale tikaona mwana wotere tinkathamangira kwa asing'anga kuti wina wamutseka mutu. Mdzukulu wanga wamkazi tinamutemera mphini thupi lonse, pamene vuto linali maso. Anadzavala magalasi a ku chipatala cha Mwami ali ndi zaka 15, atasiya kale sukulu. Zimandiwawa mpaka lero.

Madamu Zulu: Njira yake ndi iyi amayi. Mawa mupite kwa ahedi, mupemphe kalata yofotokoza mmene mwana akuchitira m'kalasi. Mutenge makope ake, a chaka chino ndi akale ngati alipo, mutengenso kadi yake ya sikelo ngati simunataye, chifukwa mmenemo muli mbiri yake. Muyambire ku kiliniki ya kwanu, akupatseni kalata yopita ku Chipata Central Hospital. Kupima kwenikweni kwa makutu kumachitika ndi makina, amamuveka zomvera kumakutu n'kumamutumizira timawu tosiyanasiyana, iye n'kumakweza dzanja akamva. Zotsatira zake amazijambula pa pepala lotchedwa audiogram. Pepala limenelo mulisunge ngati chitupa cha munda. Mupange fotokope, sukulu muipatse fotokopeyo, lenilenilo likhale kwa inu. Ku ofesi ya DEBS, mkulu wa maphunziro m'boma lanu, kumakhalanso ofisala woona za maphunziro a ana aulumali, ahedi amamudziwa.

Madamu Zulu: Koma chipatala chimangotiuza za khutu. Mbali ya sukulu ndi yathu aphunzitsi. Mwana amakhala ndi mphunzitsi wa special pamalo a zii, kuwerenga naye, kuchita naye masamu pakamwa ndi pa pepala, kuona pamene wafika zenizeni. Mwina mupeza kuti masamu ali giredi 6 ndithu koma kuwerenga anatsalira giredi 3. Zikadziwika timalemba pulani ya mwana ameneyo payekha, imene timaitcha IEP, ndipo kholo limayenera kukhalapo polemba. Musadzalole kungosaina chinthu chimene simunachimve. Afotokozereni m'Chinyanja.

aTembo, Chadiza: Madamu, zonse mwanenazi n'zoona ndipo za m'buku. Koma tiyeni tinenenso za pansi pano. Kuyambira pamene maphunziro aulere anayamba mu 2022 ana anabwerera ku sukulu ambiri, chinthu chabwino, koma kalasi langa lili ndi ana opitirira 80. Ena akhala pansi. Ndimupima nthawi yanji mwana mmodzi? IEP ndiilemba usiku? Mphunzitsi uja amene anaitana mayiwa musamuweruze. Iye wachitako, ambiri akanangomukankhira giredi 7 kuti akalephere yekha.

Madamu Zulu: Sindikumuweruza aTembo, wachita bwino kuitana kholo. Ndikudandaula kuti zachitika mwana ali giredi 6. Anadutsa m'manja mwa aphunzitsi angati? Ndipo pali zina zosafuna ndalama kapena nthawi yambiri. Sabata yoyamba ya temu, imirirani kumbuyo kwa mwana aliyense amene mukumukayikira, munong'one mawu atatu, abwereze. Tsekani khutu limodzi, kenako linalo. Za maso, tchati chija cha zilembo za E chimene chili m'makiliniki, mwana amaima mamita 6, kutseka diso limodzi, n'kumaloza kumene miyendo ya E yayang'ana. Ana 80 mungawamalize m'masiku awiri mutathandizana ndi anesi. Sikuti mwapeza matenda, koma mwadziwa oti muwatumize.

Anesi aNyirenda: Ife tikaitanidwa ndi sukulu timabwera. Timabwera kale kudzapereka mankhwala a njoka za m'mimba, tingalephere kunyamula tchati?

Nyachirwa, Lundazi: Ndiponyepo langa. Sikuti mwana aliyense wokhala duu ali ndi ulumali. Kuno kwathu mwana wakula ndi Chitumbuka, akafika giredi 1 akupeza buku la Chinyanja, asanazolowere n'kumupatsa Chizungu. Ku Petauke ndi ku Nyimba ana a Chinsenga zimawachitikiranso. Mwana wa achemwali anga analembedwa kuti ndi slow learner ndi mphunzitsi wochokera kutali amene sankamva Chitumbuka ngakhale moni. Titamufunsa mafunso omwewo m'chilankhulo cha kwawo anayankha onse. Ndiye opima, muzipima m'chilankhulo chimene mwana amalota nacho. Apo ayi mukupima Chizungu chake, osati nzeru zake.

Madamu Zulu: Mwanena chinthu chachikulu aNyachirwa. Njala nayonso. Mwana wobwera m'mimba muli gwaa, wayenda makilomita asanu, wojomba miyezi iwiri nthawi yolima kapena yoweta ng'ombe, adzaoneka wotsalira. Wopima wabwino amafunsa zonsezi asanalembe kalikonse. N'chifukwa chake sitimaliza pa tsiku limodzi, ndipo sitimaliza popanda kholo.

Lachitatu m'mawa

Amake Madalitso: Ndagona osagona. Atate ake ndawauza, angokhala chete, kenako atuluka osadya. Funso lawo ndi lakuti akapezeka kuti samva bwino, ndiye kuti azipita ku sukulu ya ana osamva ya ku Magwero? Iwo sakufuna kuti mwana achoke pakhomo. Komanso akuti anthu azitiseka.

aMbewe: Amayi, ndine munthu wosaona, uthenga wanu foni yandiwerengera ndipo ndikuyankha polankhula, ndiye zilembo zikasokonekera mundikhululukire. Poyamba, Magwero si malo ochititsa manyazi. Anthu a kuno sitidziwa chuma chimene tili nacho. Maphunziro a anthu osaona m'dziko lino anayambira pomwepa, mu 1905, pamene mayi Issie Hofmeyr, mkazi wa mmishonale wa mpingo wa Dutch Reformed, anayamba kuphunzitsa osaona pa Magwero. Sukulu ya osamva inadzatsegulidwa pomwepo mu 1955. Lusaka inali isanalote n'komwe. Chachiwiri, si mwana aliyense amene amafunika sukulu yapadera. Ngati wanuyo amamva pang'ono ndipo amalankhula, mwina chimene akufuna ndi mpando wa kutsogolo, mphunzitsi womuyang'ana polankhula, ndi kamakina kothandiza kumva. Kupimako ndi kumene kudzanene. Musasankhe sukulu musanapime.

aMbewe: Atate akewo muwauze kuti anthu amaseka mwezi umodzi n'kutopa. Ine bambo anga anandibisa m'nyumba mpaka zaka 9. Amene anakakamira kuti ndipite ku sukulu ndi amalume. Lero ana anga ndikuwaphunzitsa ndi malipiro anga.

Madamu Zulu: Ndipo pali chifukwa china chofulumirira, chimene ndimafuna kholo lililonse pagulu pano limve. Mayina a ana olemba mayeso a ECZ amalembetsedwa nthawi isanakwane, miyezi yambiri mayeso asanafike, ndipo polembetsa pamakhala pofunika kusonyeza ngati mwana ali ndi ulumali ndi mtundu wake. Pepala la Braille, zilembo zimene osaona amawerenga ndi zala, pepala la zilembo zikuluzikulu, nthawi yowonjezera, zonsezi sizituluka m'kabati ya ahedi tsiku la mayeso. Zimakonzedwa potengera zimene sukulu inalemba. Ngati sukulu sinalembe, mwana amalandira pepala wamba ngati wina aliyense. Ndipo sukulu kuti ilembe imafuna umboni, umene ndi lipoti la kupima kuja. Mwaona mmene ziwirizi zagwiranirana? Madalitso akulowa giredi 7 chaka chamawa. Nthawi yake ndi ino.

Atate a Chikondi, Katete: Izi zinandichitikira ine. Mwana wanga ndi wachialubino. Maso ake amanjenjemera, bolodi saliona bwino ngakhale akhale kutsogolo, buku amaliyandikiza mpaka kukhudza mphuno. Sukulu yonse inkamudziwa, palibe amene akanati sanamuone. Koma polembetsa mayina palibe anasonyeza. Tsiku la mayeso anamupatsa pepala la zilembo zazing'ono, anamukhazika pawindo pamene dzuwa likuwomba pa pepala. Mayeso a giredi 7 aja ndi osankha yankho n'kudetsa timabokosi ndi pensulo. Anabwera kunyumba maso ali psuu, akulira kuti mizere imasakanikirana, mwina wadetsa malo olakwika. Anakhoza ndithu koma movutikira, mwana amene m'kalasi sankatsika pa nambala 5. Nditapita kukadandaula anandiuza kuti bambo mukananena kale. Ine ndikanadziwa bwanji kuti pali chonena?

Atate a Chikondi, Katete: Pofika giredi 9 ndinapita ndekha temu yoyamba, ndi kalata ya ku chipatala m'manja, ndinakhala pa benchi mpaka anandionetsa pa kompyuta kuti alemba. Pepala linabwera la zilembo zikuluzikulu. Makolo, musamangokhulupirira pakamwa, pemphani muone.

aMbewe: Ndipo pa ana achialubino ndiwonjezere. Ena amawakakamiza Braille poganiza kuti adzachita khungu akamakula. Ambiri mwa iwo amawerenga ndi maso bwinobwino akapatsidwa zilembo zazikulu, magalasi, chipewa ndi malo opanda kuthobwa. Kupima kolakwika kumapwetekanso ngati kusapima.

aTembo, Chadiza: Zilembo zazikulu ndi Braille ndilibe nazo vuto. Koma ndinene zoona zanga, nthawi yowonjezera imandivuta mumtima. Mayeso ndi mpikisano, malo ku sukulu zogonera ndi ochepa. Mwana wina wamuwonjezera mphindi, mnzake belu lalira wamulanda pepala. Nanga uja womulembera mwana amene manja ake sagwira, tidziwa bwanji kuti akulemba za mwanayo osati za m'mutu mwake? Ndayang'anirapo mayeso zaka zambiri, ndikudziwa zimene anthu amatha kuchita. Makolo ena akadzamva adzayamba kugula makalata a ku chipatala.

aMbewe: ATembo, funso lanu ndi labwino ndipo ndikuyankhani ngati munthu amene analemba mayeso ndi zala. Braille ili ndi timadontho 6 m'kabokosi kamodzi. Inu diso lanu limameza mzere wonse nthawi imodzi, limadumpha kupita pa funso 20 n'kubwerera pa funso 3 m'kuphethira. Chala changa chimayenda kabokosi kamodzikamodzi. Tsamba limodzi lanu kwa ine ndi masamba awiri kapena atatu okhuthala. Ndikafuna kubwerera pa ndime imene funso likunena, ndiyenera kupapasa kufunafuna. Polemba, ngati palibe makina a Perkins olembera Braille, ndimaboola pepala ndi kachitsulo kadontho kamodzikamodzi, kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo kuti ndiwerenge zimene ndalemba ndiyenera kutulutsa pepala n'kulitembenuza. Tsopano mundiuze, mukatipatsa nthawi yofanana, mwapima chiyani? Mwapima kuti ndikudziwa mbiri ya dziko la Zambia, kapena mwapima liwiro la chala? Nthawi yowonjezera sinandipatse yankho ngakhale limodzi. Chimene sindinkachidziwa, ngakhale akanandipatsa tsiku lonse, sindikanachidziwa.

aMbewe: Ndipo mukamaliza inu pepala lanu limapita kwa wochonga. Langa limayamba ladutsa kwa munthu wodziwa Braille kuti alisandutse zilembo wamba. Akalakwitsa iyeyo, wolephera ndine. Ndiye musaganize kuti tili pabwino kuposa anzathu.

Madamu Zulu: Za womulembera, mantha anu ali ndi mankhwala ake aTembo. Sakhala m'bale wake, sayenera kukhala mphunzitsi wa phunziro lomwelo, amakhala m'chipinda chapadera ndi woyang'anira, ndipo amalemba zokhazo zimene mwana wanena. Kubera kulipo ngakhale kwa ana opanda ulumali, koma sitinathetse mayeso chifukwa cha kubera, tinakhwimitsa kuyang'anira. Ndili ndi mtsikana amene ubongo wake unavulala pobadwa, dzanja limagwedezeka, mzere umodzi amalemba mphindi zisanu thukuta lili kamukamu. Mufunseni pakamwa za sayansi, mudzakhala pansi. Tinene kuti sadziwa chifukwa pensulo ikumukana?

aTembo, Chadiza: Za chala ndi diso zija ndamva aMbewe, sindinaziganizepo motero. Koma pa makalata ogula ndikuimabe pomwepo. Pakhale kupima koona, kochitidwa ndi anthu oposa mmodzi.

Madamu Zulu: Pamenepo tagwirizana. N'chifukwa chake timati lipoti la chipatala, la mphunzitsi wa kalasi, la mphunzitsi wa special ndi mawu a kholo ziyendere limodzi. Ndipo chithandizo chisayambire pa mayeso a ECZ. Ngati mwana adzalemba ndi zilembo zazikulu mu giredi 7, mayeso a pa temu ndi ntchito zonse zimene sukulu imachonga yokha zikhalenso choncho kuyambira pano. Simungamupatse mwana womulembera koyamba pa tsiku la mayeso. Kunena yankho mokweza kuti wina alembe ndi luso lofunika kulizolowera.

Tisa: Moni makolo anga. Ine ndine wamng'ono pagulu pano koma ndilankhuleko za mchimwene wanga amene samva kuyambira kubadwa. Anthu amaganiza kuti wosamva alibe vuto pa mayeso chifukwa maso ali nawo, pepala akuliona. Koma chilankhulo chake iye ndi chamanja. Chili ndi kasanjidwe kakekake ka mawu, sichitsata Chizungu. Chizungu sanachimvepo ndi khutu ngakhale tsiku limodzi, anachiphunzira pa bolodi pokha. Ndiye funso likakhala lalitali, lokhotakhota, la mawu ngati except kapena unless, amasochera pa funso pomwe, pamene yankho akulidziwa. Ndikamumasulira ndi manja amayankha msangamsanga. Akalemba, wochonga amene sadziwa za osamva amaona ngati Chizungu chosweka, n'kudula. Analephera giredi 9 kawiri. Pano ndi kalipentala, mipando yake ndi yokongola, koma ankafuna kukhala mphunzitsi wa ana osamva anzake.

Madamu Zulu: Tisa mwana wanga, zimene wanenazi ndi bala lalikulu pa ntchito yathu. Womasulira m'chipinda cha mayeso amathandiza pa malangizo, koma nkhani ya chilankhulo cha mafunso ndi kachongedwe ndi yofunika kuti tizingoinena mpaka imveke. Mchimwene wako ngati mtima ulipobe, msinkhu si chotchinga, alipo akuluakulu amene amalemba mayeso ngakhale sali pa sukulu. Undipeze kumbali tikambirane.

Woyang'anira gulu: Ndikumbutse kuti izi si zopempha ngati chifundo. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2010, ndipo tili ndi lamulo lathu, Persons with Disabilities Act la 2012, limene limaletsa kusala munthu pa maphunziro chifukwa cha ulumali. Bungwe la ZAPD ndi limene limalembetsa anthu aulumali ndi kupereka makadi. Kholo likamapita kwa ahedi lipite mwaulemu, koma lisapite ngati wopemphetsa. Komanso chonde, tisatchule mayina a masukulu kapena aphunzitsi amene tikuwadandaula, ndipo malipoti a ana musaponye pagulu, tumizani kumbali kwa amene mukufuna akuthandizeni.

Agogo aJere: Nanga ana a khunyu? Kuno kumudzi akangogwa kamodzi m'kalasi, anzake amathawa, makolo amamuletsa sukulu.

Anesi aNyirenda: Khunyu sapatsirana agogo, ngakhale mutakhudza thovu. Mankhwala alipo ku chipatala ndipo ambiri akamamwa mosadumphitsa amasiya kugwa. Koma aphunzitsi adziwe ziwiri. Mankhwala ena amabweretsa tulo ndi kuchedwa kuganiza, ndiye mwana asayesedwe waulesi. Ndipo pali mtundu wina umene mwana sagwa, amangoti tuzu masekondi ochepa ngati wachoka, kenako n'kubwerera, kangapo pa tsiku. Ameneyonso amalembedwa kuti samvetsera. Mwana akagwa pa tsiku la mayeso a temu, musamulembetse tsiku lomwelo, mutu umakhala usanabwerere.

Lolemba, sabata yotsatira

Amake Madalitso: Ndabwera kudzakuuzani mmene tayendera. Ahedi anatilandira bwino, kalata anatipatsa. Ku chipatala tinapita ndi atate ake, anachita kunena okha kuti ndiperekeza. Adokotala anayang'ana m'makutu ndi katochi, akuti lakumanzere lili ndi bowo ndithu ndipo mukadali mafinya, lakumanja munali phula lambiri louma, analichotsa. Tikutuluka mwana akuti amayi, galimoto zikusokosa bwanji lero. Ndinalira pamsewu pomwepo. Atipatsa mankhwala a milungu iwiri, akuti asalowetse madzi m'khutu posamba, ndipo akauma tibwerere kuti aone za kupima ndi makina kuja. Atiuzanso kuti mwina tidzafunika kupita ku Lusaka.

Amake Madalitso: Lusaka ndiye yandiimitsa mutu. Sindinapiteko chibadwire, ndipo ndalama ya basi anthu awiri kupita ndi kubwera, chimanga tinagulitsa kale.

Anesi aNyirenda: Mwachita bwino kwambiri amayi. Mankhwalawo amalize onse ngakhale mafinya aume msanga, ndipo musalowetse kanthu m'khutu, kaya nthenga, kaya kamtengo ka machesi. Za Lusaka musadandauliretu. Akakutumizani, kumakhala ku chipatala chachikulu cha UTH kapena cha Beit CURE, kumene kuli madokotala a makutu a ana. Mukalandira kalatayo mupite nayo ku ofesi ya Social Welfare yothandiza ovutika, mukafotokoze za ulendo. Mutiuzenso pano.

aMbewe: Ulendowo ndi wa makilomita oposa 550, tsiku lathunthu pa basi. Ndili ndi mphwanga ku Lusaka amene angakulandireni pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ndi kukugonekani. Ndauyenda msewu umenewo kambirimbiri osaona, inu ndi maso anu simusochera.

Atate a Chikondi, Katete: Tsiku likadziwika, woyang'anira gulu atsegule kathumba. Ine ndiyamba.

Madamu Zulu: Pamene tikudikira makinawo, kalasi lisadikire. Mawa akhale kutsogolo, chakumanzere kwa kalasi mukayang'ana bolodi, kuti khutu lakumanja limene lili bwinoko liloze kumene mphunzitsi amaima. Mphunzitsi asalankhule atafulatira, asakuwe, angolankhula momveka ali poyera nkhope. Homuweki alembe pa bolodi, asangonena pakamwa ana akutuluka. Amupatse mnzake mmodzi womuonetsa tsamba limene afika. Loweruka mubwere naye ndi makope ake, ndikhale naye ola limodzi tione pamene kuwerenga kwake kunaimira. Zaka zimene anaphonya sizibwerera zokha chifukwa phula lachoka, tiyenera kubwerera naye pa maphokoso a zilembo, ndipo zitenga miyezi.

aTembo, Chadiza: Madamu, lero ndayesa zonong'ona zija pa ana asanu ndi mmodzi amene ndimawakayikira. Awiri sanabwereze ngakhale liwu limodzi kukhutu limodzi. Mmodzi ndakhala naye zaka ziwiri. Makolo awo ndawaitana Lachinayi. Munditumizire kumbali mmene mumalembera kalata yopita ku kiliniki, ndi chitsanzo cha IEP chosalembapo dzina.

Madamu Zulu: Ndikutumizirani usiku uno ndikafika pa netiweki yabwino.

Amake Madalitso: Madamu, Loweruka tifike nthawi yanji? Kope la giredi 3 ndalipeza m'sutikesi, koma kadi ya sikelo inadyedwa ndi chiswe mbali imodzi. Ndibweretse momwemo?

Madamu Zulu: Bweretsani momwemo. Mufike 9 koloko, adye kaye asananyamuke. Atate ake ngati ali ndi mpata abwerenso.